Tinavala yunifolomu imodzi, koma pa za a Mutharika tasiyana

Sajeni Wopuma (adimini):
Akuluakulu, madala ndi amayi, mwaswera bwanji. Kwatsala milungu itatu kuti tikaponye voti pa 16 September 2025, ndipo foni yanga ikungolira ndi mauthenga oti asilikali opuma onse ali kwa uje. Anatiwerenga ndani? Ine sanandifunse. Ndiye ndati tikambirane poyera za munthu amene dzina lake likumveka kwambiri pakati pathu, a Peter Mutharika, omwe akufuna kubwerera pampando patatha zaka 5. Pempho langa ndi limodzi. Musanapereke maganizo, yambani mwanena kuti munalowa liti, munagwira kuti, munapuma liti, kuti timve komwe mawu anu akuchokera. Amene mudakali mu yunifolomu muziwerenga chabe. Mukalemba ndichotsa, pofuna kuteteza ntchito yanu yomwe.

Ine ndinalowa 1985, maphunziro ku Salima, zaka zambiri ku Kamuzu Barracks, ndinapuma 2009. Maganizo anga ndinena pambuyo.

Madala a Nacala:
Zikomo a Sajeni. Ndinalowa 1979, Cobbe Barracks ku Zomba, kupuma 2001. Ana a lero akamva Nacala amaganiza za doko ndi sitima za malasha. Ife tinapita 1987, njanji ya ku Mozambique zigawenga za Renamo zitaiphwasula. Ntchito yathu inali kuperekeza sitima kuchoka ku Nayuchi kulowera ku Cuamba ndi kutsogolo. Kutsogolo kwa injini tinkaikako mabogi opanda kanthu kuti ngati pali bomba lokwirira liphulike ndi amenewo. Ife pamwamba pa bogi, kuseri kwa matumba a mchenga, dzuwa likuwotcha chisoti mpaka osachigwira ndi dzanja. Sitima inkayenda ngati munthu wa chilonda kuphazi. Pena munkaima tsiku lonse, anthu a njanji akulumikiza zitsulo, inu mutagona mu udzu kuyang'ana komwe chipolopolo chingachokere. Mnzanga amene tinkadyera mbale imodzi anaponda bomba popita kukatunga madzi. Tinamunyamulira mu bulangete lake lomwe. Kwawo anakamuika mwakachetechete, wailesi sinatchule kanthu.

Titabwerako tinapeza vuto lomwe tinalisiya lidakalipo: gulu lina la mfuti lomwe silinkamvera mkulu wa asilikali, a Payoniya. Atawombera anzathu awiri ku Mzuzu mu December 1993, mtima wa baraki unaphulika, ndiye Bwezani uja mumamumva, pomwe tinawalanda mfuti. Ndinalipo. Kuchokera sabata imeneyo ndinalumbira mumtima kuti chipani chosunga anyamata oopseza anthu sichidzaona voti yanga. Ndiye ndikakumbukira anyamata a zikwanje m'magalimoto ku Blantyre kutatsala tsiku limodzi zionetsero za 20 July 2011, nthawi ya akulu awo a Bingu, ndikakumbukira makadeti odzipaka utoto m'zaka za iwo eni, ine kwa a Mutharika ayi.

Mlonda ku Joni:
Madala, ndakugwadirani chifukwa cha Nacala, ife tinali kusukulu. Ndinalowa 1998, Moyale Barracks ku Mzuzu, ndinapita ku Ivory Coast 2012, ndinasiya 2014. Lero ndimalondera geti ya kampani ku Johannesburg, usiku, maola 12.

Koma madala, mwanena za zikwanje za 2011 ngati zinathera pompo. Nanga pa 26 June chaka chino cha 2025? Pakati pa Lilongwe, masana, anthu a zikwanje anamenya ochita zionetsero, a Sylvester Namiwa omwe ankatsogolera zionetserozo anakhapidwa, apolisi ali pomwepo, asilikali ali pomwepo. Vidiyo ndinaionera m'kanyumba ka pageti, ndinazimitsa foni manja akunjenjemera. Tsiku limenelo pampando sanali a Mutharika. Ngati lumbiro lanu ndi limenelo, ligwire mbali zonse.

Madala a Nacala:
Likugwira mbali zonse mwana wanga. Kodi ndanena kuti ndikuvotera ndani? A Sajeni afunsa za munthu mmodzi. Za pa 26 June zinandiwawa kuposa inu, chifukwa chipani cha MCP chomwe chikulamula mu 2025 muno ndi chomwe tinachilanda mfuti 1993. Koma chilonda chatsopano sichichotsa chipsera chakale.

Mlonda ku Joni:
Ndamva madala. Koma ine ndikadakhala kumudzi ndikadavotera Adadi, a Mutharika, sindibisa. Ndalama yomwe ndinalandira posiya ntchito ndinamangira nyumba ya zipinda zitatu ku Ekwendeni, nthawi imeneyo simenti munthu unkatha kugula. Mng'ono wanga amene wapuma chaka chatha, udindo womwewo, zaka zochuluka kuposa ine, wangofika pa windo basi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Penshoni ya msilikali siikwera pa liwiro limenelo. Nthawi ya a Mutharika kwacha inakhazikika zaka zingapo, mafuta anali m'mafilingi. Ine ndimayeza ndi zimenezo.

Kopolo wa ku Beni:
Moni nonse. Ndinalowa 2006, ndinapita ku Congo kawiri, ndinapuma 2022 chifukwa cha bondo. Ulendo wachiwiri tinali kudera la Beni, komwe zigawenga za ADF zimabisala m'nkhalango. Amene simunafikeko, nkhalango ya kumeneko mnzako ali mapazi khumi kutsogolo sumamuona, umangomva masamba. Mvula tsiku ndi tsiku, nsapato sizimauma, zala za kuphazi zimayera ngati chinangwa chonyika. Gulu lomwe linatilowa m'malo ndi lomwe linataya anzathu 6 mu November 2018. Mmodzi mwa iwo ndi Chancy Chitete, amene anabwerera zipolopolo zili mkati kukakoka msilikali wa ku Tanzania wovulala. Wa ku Tanzania anapulumuka, iye anatsala. Mu May 2019 United Nations inapereka mendulo ya Captain Mbaye Diagne kwa banja lake ku New York.

Ndanena izi kuti mudziwe kuti yunifolomu imeneyi sindiitenga mopepuka. Koma pomwe ndinainyadira kwambiri si ku Congo ayi. Ndi pa msewu ku Lilongwe, 2019, zionetsero za pambuyo pa chisankho cha 21 May. Galimoto yathu ikamafika, anthu ankaomba m'manja. Tinkayenda m'mbali mwawo, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti afike komwe akukapereka chikalata chawo. Tsiku lina mayi wina wogulitsa nthochi anandiikira ziwiri m'thumba la buluku ndili chiimire, sindinaloledwe ngakhale kuyankhula, anangoti "ana athu inu" n'kubwerera pa dengu lake. Pa 3 February 2020 majaji asanu aja popita kukagamula mlandu wa chisankho anaperekezedwa ndi asilikali. Patangotha mwezi ndi masabata, mu March, a Mutharika anachotsa mkulu wa asilikali, General Vincent Nundwe, paudindo. Ife anyamata wamba m'baraki tinamva uthengawo bwinobwino ngakhale panalibe anatiwerengera. Ndi chifukwa chake sindingawavotere.

Kaputeni Wakale:
Ndinalowa 1990 ngati kadeti ofesala, ndinali ku Rwanda 1994 pansi pa United Nations, ndinapuma 2013, pano ndimaphunzitsa pa sekondale ina ku Zomba. A Kopolo, ndikufuna tiongole pang'ono. Mtsogoleri wa dziko ndiye mkulu wa asilikali onse mwa lamulo, ndipo kusankha kapena kusintha komanda ndi mphamvu yake. Pochotsa General Nundwe sanaphwanye lamulo. Chomwe tingakambe ndi nthawi yomwe anachitira, kutatsala miyezi itatu chisankho chobwereza. Ndipo tinene zoona zonse. General Namathanga amene analowa m'malo sanatembenuze asilikali kuti akhale a chipani. Pa 23 June 2020 anthu anavota, a Mutharika anagonja, anadandaula za chisankhocho koma anatuluka ku State House n'kupita kwawo ku Mangochi. Sanaitane msilikali kuti awasunge pampando. Mu Africa muno zimenezo si zazing'ono.

Kopolo wa ku Beni:
Bwana, zoti sanaphwanye lamulo ndavomera. Koma munthu amene wagwira ntchito yake molondola n'kuchotsedwa, amene akubwera pambuyo pake amaphunzirapo chiyani?

Kaputeni Wakale:
Funso lanu ndi lomwe limandisowetsa tulo inenso, ndipo ine vuto langa ndi a Mutharika silinayambe 2020, linayamba April 2012. Ndinali ndidakali pantchito. Pa 5 April a Bingu anakomoka n'kumwalira, koma dziko silinauzidwe. Usiku wa pa 6 nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa kanema kunena kuti wachiwiri wawo, Mayi Joyce Banda, sangatenge mpando. Pomwe Gawo 83 la malamulo aakulu a dziko limanena mosapita m'mbali kuti mpando ukakhala opanda munthu, wachiwiri amalowa. Masiku awiri amenewo m'baraki munali zii, aliyense khutu ku wailesi, nsapato osavula. Mkulu wa asilikali, General Henry Odillo, anaima pa malamulo, ndipo pa 7 April Mayi Banda analumbira. Komiti yofufuza ya Justice Elton Singini inatulutsa lipoti mu March 2013, ndipo mmenemo munalembedwa kuti funso loti asilikali atenge boma linafika kwa General Odillo. A Peter Mutharika ndi anzawo anamangidwa pa mlandu woukira boma. Mlanduwo sunafike pa chigamulo, unatha iwo atapambana 2014, ndiye palibe khothi linawapeza olakwa, ndipo tisawatchule olakwa. Koma atangolowa m'boma General Odillo anachoka paudindo. Makomanda awiri amene anaima pa malamulo pa nthawi yovuta, onse anachoka m'manja mwa munthu mmodzi. Ine ndikalowa m'kachipinda kovotera zimenezo ndilowa nazo.

*Uthenga uwu wachotsedwa ndi adimini.*

Sajeni Wopuma (adimini):
Mwana wanga amene ndachotsa uthenga wako, ndakuimbira sunayankhe. Zomwe unalemba zili ndi nzeru koma udakali pantchito. Pa gulu pano pali anthu oposa amene amalemba, ndipo foni imajambula. Voti yako ndi yachinsinsi, ukaponye mwakachetechete.

Che Marine:
Asalaam aleikum, moni nonse. Ine wa pamadzi, Monkey Bay, 1992 mpaka 2016. Inu a pamtunda mumaiwala kuti malire ena a dziko lino ndi madzi. Nkhani ya nyanja ndi Tanzania itatentha 2012, ife ndi amene tinkagona m'maboti. Pangano la Heligoland la 1890 linaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, iwo amati malire adutse pakati pa nyanja. A Mutharika ndi pulofesa wa malamulo a pakati pa mayiko, anaphunzitsa zaka zambiri ku America, ndipo pa nkhani imeneyi sanatafune mawu, ananena kuti nyanja si yokambirana. Msilikali amafuna mtsogoleri amene akanena malire, mawu ake salowa madzi. Kwa ine ndi zimenezo, kuphatikizapo mtengo wa chimanga kuno ku Mangochi. Voti yanga ili kwa iwo.

Madala a Nacala:
Che Marine, za nyanja ndikuvomerezani. Koma ndi mtsogoleri uti wa dziko lino amene ananenapo kuti nyanja tigawane? Kuyambira Kamuzu onse amanena chimodzimodzi.

Che Marine:
Kunena onse amanena, madala, koma wina amanena akudziwa tsamba la pangano lomwe akuimapo. Ku khothi la mayiko sukapita ndi ukali.

Mayi Sitafu:
Abambo mwayankhula, tsopano mumve ife. Ndinalowa m'magulu oyambirira a akazi, ndinagwira ntchito ya zachipatala, Congo kamodzi, ndinapuma chaka chatha. Mu March 2023 namondwe Freddy atagwetsa mapiri ndinali m'gulu lomwe linatumizidwa kummwera. Ku Chilobwe tinkakumba matope ndi makasu ndi manja. Ndinatulutsa mwana wa sukulu atavala yunifolomu yake, chikwama chidakali kumsana. Anthu oposa 1,000 anapita. Zomwe ndinaona kumeneko ndi zoti mtima asilikali athu ali nawo, koma zipangizo ndi zochepa. Madera ena a ku Mulanje ndi Phalombe tinadikira ndege za mayiko oyandikana nawo kuti tifikeko.

Kenako pa 10 June 2024, ndege ya asilikali inagwa ku Chikangawa. Dziko linalira wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndipo linayenera kulira. Koma mwa anthu 9 aja atatu anali athu, oyendetsa ndege ndi injiniya, ndipo mmodzi anali mayi. Ndege ija, Dornier 228, inabwera m'zaka za m'ma 1980. Akatswiri a ku Germany atafufuza anapeza kuti batire la kachipangizo kolozera pomwe ndege yagwera linatha mphamvu 2004. Werengani nokha maboma amene adutsa kuchokera 2004: a Bingu, Mayi Banda, a Peter zaka 6, a Chakwera. Ndiye mukamandiuza kuti uyu amakonda asilikali, uyo amadana nawo, ine ndimafunsa kuti batire lija linadutsa bwanji m'manja mwa onsewo?

Mlonda ku Joni:
Mayi Sitafu mwalasa. Koma ngozi inachitika boma ili, ndipo kufufuza kunatenga tsiku lathunthu.

Mayi Sitafu:
Achimwene, munagwira ku Moyale, Chikangawa mumaidziwa mu June. Chifunga chake munthu suona dzanja lako. Anyamata amene anayenda m'nkhalango usiku wonse uja musawanyoze muli ku Joni. Komiti yofufuza inati kunali nyengo yoipa ndi zolakwika za anthu. Ngati muli ndi mafunso ena ndi ufulu wanu, ambiri ali nawo, koma maliro a anzathu asakhale chikwangwani cha kampeni.

Mlonda ku Joni:
Pepani mayi, sindimanyoza anyamata. Ndabweza mawu amenewo.

Mdzukulu wa Keyala:
Akuluakulu, ine sindinavalepo yunifolomu, ndinalowetsedwa pa gulu lino chifukwa cha agogo anga amene ndinkawasamala. Kodi ndingayankhule?

Che Marine:
A Sajeni anati aliyense anene komwe anagwira. Amene sanagwire anena chiyani?

Sajeni Wopuma (adimini):
Che Marine, mwana uyu anasambitsa msilikali wa Keyala zaka 7 mpaka kumutseka maso. Ayankhule.

Mdzukulu wa Keyala:
Zikomo. Agogo anamenya nkhondo ku Burma 1944 ndi King's African Rifles, yomwe timati Keyala. Ankatiuza kuti dzina la Moyale Barracks linachokera ku tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali a ku Nyasaland analimbana ndi a Italy 1940. November aliyense ndinkawaveka jekete lawo, ndinkapukuta mamendulo ndi phulusa ndi mandimu, tinkapita ku chipilala ku Zomba. Akuluakulu ankabwera, ankaika nkhata, ankawagwira chanza, ankajambulitsa. Tikabwerera kunyumba ndiwo zinali zomwe zija. Agogo anaona atsogoleri onse kuchokera kwa Kamuzu mpaka a Peter, ndipo sanasiye kuvota ngakhale pomwe tinkachita kuwanyamula pa njinga. Ine funso langa ndi lakuti, mwa onse akupikisana chaka chino, alipo amene wafika kwa inu opuma n'kukhala pansi kumva za penshoni ndi chipatala, osati pa msonkhano wa chipani?

Kaputeni Wakale:
Mwana wafunsa bwino. Kuno kwathu amene afika ndi ofuna uphungu, ndipo amafuna tikhale kutsogolo pa msonkhano titavala mabereti kuti anthu aone. Ine ndinakana. Bereti si nsalu ya chipani.

Kopolo wa ku Beni:
Ndiwonjezere za Congo, poti palibe wanena. Mu January 2025 zigawenga za M23 zikulowa ku Goma tinataya anzathu atatu a gulu la SADC. South Africa inataya 14. Mu February a Chakwera analamula kuti asilikali ayambe kukonzeka kubwerera, mu March SADC inathetsa ntchitoyo, ndipo anyamata anatuluka podutsa ku Rwanda. M23 yomweyi ndi imene gulu la ife, Tanzania ndi South Africa linaigonjetsa mu November 2013. Zimawawa. Pa kampeni yonseyi ndikudikira munthu mmodzi anene kuti mwana wa eni tidzamutumiza kunja pokhapokha pali zakuti ndi zakuti, ndipo akavulala tidzamusamala motere. Sindinamve, kwa a Mutharika kapena kwa wina.

Mayi wa ana atatu:
Moni abambo ndi amayi. Ine sindine msilikali, ndine mkazi wa msilikali, ndinakhala m'malaini zaka 16. Bambo a ana anabwerako bwino ku Congo, anadwala, anatisiya 2021. Sindinafune kulemba koma mwakhudza za kusamala. Mwamuna akamwalira mumapatsidwa nthawi yoti mutuluke m'nyumba, ndipo zimenezo ndinazimvetsa, nyumba ndi ya ntchito. Chomwe sindinamvetse ndi maulendo. Ku ofesi ina ndapitako kasanu ndi kawiri, kuchokera ku Dedza, ndalama ya minibasi yokongola. Ulendo wina fayilo sikuoneka. Ulendo wina amene amasaina wapita ku maliro. Ulendo wina akufuna kalata ya kwa amfumu yomwe ndinapereka kale. Ndimakhala pa benchi ndi envelopu yanga ya khaki, yomwe tsopano yang'ambika m'makona, mpaka dzuwa kupendeka. Mwana woyamba anakhoza Fomu 4 koma ali pakhomo.

Za voti, nditi chiyani? Thumba la feteleza lomwe ndinkagula bambo awo ali moyo lero sindingalifike. Amayi anzanga kuno ambiri akuti abwerere Adadi chifukwa nthawi yawo tinkadya. Inenso mtima ukupita komweko. Zomwe mukunena za 2012 ndi 2020 ndazimva ndipo sindikutsutsa, bambo awo ankazinenanso. Koma ana akandifunsa za nsima sindingawayankhe ndi Gawo 83.

Madala a Nacala:
Mayi, mawu anu andikhazika pansi. Sindikutsutsani ngakhale pang'ono. Ine chomwe ndimaopa ndi chakuti njala imatha mvula ikagwa bwino zaka ziwiri, koma mfuti ikalowa m'manja mwa chipani kuichotsa kumafuna magazi. Ndinaona ndi maso. Koma inu mukuona mphika, ndipo mphika sunama.

Mayi Sitafu:
Pali china chomwe tikuchizungulira. Mu 2025 muno a Mutharika ali ndi zaka 85. Sindikufunira munthu zoipa, Mulungu awasunge, koma ife amene tinaona April 2012 tiyenera kuyang'ana dzina lachiwiri pa pepala lovotera mofanana ndi loyamba. Iwo asankha Mayi Jane Ansah, amene anali wapampando wa MEC, bungwe loyendetsa zisankho, pa chisankho cha 2019 chomwe khothi linachifafaniza. Anthu amene a Kopolo ankawaperekeza pa msewu ankafuna mayi omwewa atule pansi udindo. Wina anganene kuti ndi jaji wodziwa malamulo, anakhalapo Attorney General, ndipo ndi zoona. Koma kwa ine kusankha kumeneku kukundiuza kuti a Mutharika saona kuti 2019 panalakwika kanthu.

Che Marine:
Kapena kukuuzani kuti munthu sataya anthu ake. Kwa msilikali zimenezo si mbiri yoipa. Za zaka, Kamuzu analamula ali wamkulu kuposa pamenepo.

Kaputeni Wakale:
Che Marine, chitsanzo chimenecho chikutsutsa inu nomwe. Kumapeto kwa 1993 Kamuzu atadwala n'kupita ku opaleshoni ku South Africa, dziko linkayendetsedwa ndi khonsolo ya anthu atatu motsogozedwa ndi a Gwanda Chakuamba. Bwezani inachitika m'masiku omwewo. Mtsogoleri akafooka, amene amalamula ndi omuzungulira, ndipo amenewo sitinawavotere. Msilikali amalandira lamulo osadziwa ngati lachokeradi pamwamba.

Mlonda ku Joni:
Bwana Kaputeni, zonsezo ndi zoona, koma ndibwerere pa 26 June, chifukwa palibe wandiyankha mokwanira. General Nundwe anabwezeretsedwa ndi a Chakwera mu September 2020, tonse tinasangalala, tinati tsopano yunifolomu yalemekezedwa. Zaka 5 pambuyo pake asilikali aima chiimire munthu akukhapidwa. A Kopolo, inu amene munalandira nthochi pa msewu womwewo, munamva bwanji?

Kopolo wa ku Beni:
Ndinalira, achimwene. Mkazi wanga anandipeza kuseri kwa nyumba. Ndikudziwa mmene zimakhalira, msilikali sasuntha popanda lamulo, ndipo anyamata aja sindiwaweruza. Ndinayang'ana nkhope zawo pa vidiyo, ena ndi ana amene tinawalandira ife m'baraki. Ndikudziwa kuti usiku umenewo sanagone. Mayi wa nthochi uja akanakhalapo tsiku limenelo sakananena kuti ana athu. Ndiye musaganize kuti pokana a Mutharika ndiye kuti ndakhutira ndi omwe alipo. Pa pepala pali mayina 17.

Mlonda ku Joni:
Pamenepo tagwirizana, ngakhale voti tisiyana. Ine sindivota n'komwe, malamulo salola ife a kunja, ndingotumiza ya transipoti kuti mayi ndi mng'ono wanga akafike ku senta.

Sajeni Wopuma (adimini):
Ndinalonjeza kunena zanga. Mu June 1993 pa riferendamu ndinali kopolo, ndipo ndinaona madala ena m'baraki akulira mwakachetechete zotsatira zitatuluka, ena ndi chimwemwe, ena ndi mantha. Tonse m'mawa mwake tinafola pa perete imodzi. Ine a Mutharika sindiwavotera. Chifukwa changa ndi cha a Kaputeni: Odillo ndi Nundwe. Ndinaphunzitsa marikuluti zaka 6, ndinkawauza kuti lumbiro lanu ndi la dziko ndi malamulo ake, ndipo mukaima pamenepo dziko lidzakuimirani. Sindingavotere munthu amene anachititsa mawu angawo kuoneka ngati bodza. Koma amene muwavotere chifukwa cha feteleza, penshoni kapena nyanja, sindikuonani ngati ogulidwa, ndipo pa gulu pano palibe atchule mnzake kadeti kapena wa zikwanje. Amene akutumiza mauthenga oti opuma onse ali mbali imodzi, muwatumizire zokambirana zathuzi.

Tsopano za Mayi wa ana atatu. Bwana Kaputeni, inu mumadziwa kayendedwe ka mapepala amenewa kuposa tonse.

Kaputeni Wakale:
Mayi, ndilembereni kumbali. Mujambule pepala lililonse lomwe lili mu envelopu ija, ngakhale long'ambika, makamaka satifiketi ya imfa, kalata ya ukwati, ya kwa DC ndi nambala ya ntchito ya bambo. Lachiwiri sabata yamawa ndili ndi ulendo wa ku Lilongwe, ndikwera basi ya m'mawa, tikakumane pa depoti ya Dedza tipitire limodzi. Pa benchi paja tikakhala awiri.

Mlonda ku Joni:
Ya minibasi ya mayi, kupita ndi kubwera, ndi yanga. A Sajeni nditumiza kwa inu Lachisanu ndikalandira.

Che Marine:
Ine ndiika ya chakudya cha panjira. Ndipo mwana wa Fomu 4 uja anakhoza mapointi angati, mayi? Mundiuze kumbali.

Mayi wa ana atatu:
Ndasowa chonena abambo anga. Anakhoza 19. Mapepala ndijambula madzulo ano magetsi akayaka, foni yatsala pang'ono kuzima.